Zolemba za Ntchito Yokonza Maphunziro a Ana Aang'ono pa Kusungunuka kwa Zinthu M'madzi

Ntchitoyi ndinaiyamba nditaona kuti ana a zaka zapakati pa 6 ndi 9, amene ndimakumana nawo masana a Lachitatu ndi Lachisanu akaweruka m'makalasi awo, amaona shuga akutakasidwa mu tiyi ndiponso mchere ukuthiridwa mu ndiwo tsiku ndi tsiku, koma palibe amene anakhalapo nawo pansi n'kuwafotokozera zimene zimachitikira shugayo ndi mcherewo. Cholinga changa n'kukonza maphunziro asanu ndi limodzi m'Chichewa, kuwayesa pa anawa, kenako n'kuwalemba m'kabuku kamene mphunzitsi kapena kholo angagwiritse ntchito popanda kugula chipangizo chilichonse chodula. Ndikutsatira njira ya TALULAR imene aphunzitsi tonse timaidziwa, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Zolembazi ndikuzisunga kuti aphunzitsi anzanga aone zimene zayenda bwino ndi zimene zandivuta.

Sabata yoyamba

Ndinatolera mabotolo apulasitiki oonekera mkati okwana khumi ndi awiri, ndipo ndinawadula pakati kuti akhale ngati makapu, chifukwa makapu amene ana amamwera phala saonetsa zimene zikuchitika mkati. Mphunzitsi mnzanga anandibwereka sikelo yake yaing'ono ya kukhitchini yoyeza magalamu, ndipo ahedi anatilola kugwiritsa ntchito kalasi imene ili pafupi ndi mjigo.

Tsiku loyamba sindinaphunzitse kanthu. Ndinangothira supuni imodzi ya shuga m'madzi, ndinatakasa mpaka shugayo anasiya kuoneka, kenako ndinafunsa kuti, "Ana inu, shuga uja wapita kuti?" Ambiri anayankha kuti watha. Ena anati wasanduka madzi, ndipo mtsikana mmodzi yekha ndiye anakweza mkono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, alimo, chifukwa mukalawa madziwo atsekemera." Mayankho onsewa ndawalemba monga anawanenera, chifukwa ndiwo andisonyeze kumapeto ngati maphunzirowa asintha kaganizidwe ka anawa.

Yankho lakuti shuga wasanduka madzi ndilo landiganizitsa kwambiri, ndipo ndikuona kuti gwero lake lili m'chiyankhulo chathu. Timanena kuti ayezi wasungunuka, majarini asungunuka m'poto, ndiponso shuga wasungunuka mu tiyi, pamene zinthu zimenezi sizikuchitika mofanana. Ayezi akasungunuka amasandukadi madzi chifukwa cha kutentha, ndipo safuna chinthu china choti alowemo. Mchere ndi wina: kuti usungunuke ndi kutentha kokha pamafunika madigiri 801, komabe mchere womwewo umasungunuka m'madzi ozizira a mumtsuko. Mwana amene wamva liwu limodzi pa zinthu ziwirizi sakulakwa akamaganiza kuti n'chinthu chimodzi. Sindikufuna kupeka liwu latsopano limene ana sadzalimvanso kunyumba, choncho ndasankha kuti m'maphunziro onse ndizinena mawu athunthu, "kusungunuka ndi kutentha" ndi "kusungunuka m'madzi", osafupikitsa ngakhale kamodzi.

Lachisanu tinaziyesa ziwirizi moonetsana. Tinaika majarini pang'ono ndi mchere pang'ono pa chivindikiro cha poto padzuwa, ndipo pasanapite nthawi majarini anayamba kuyenderera pamene mchere unangokhala mmene unalili. Kenako tinaika zinthu ziwiri zomwezo m'madzi ozizira, ndipo mchere unasungunuka pamene majarini anangoyandama. Anawo anasangalala kuona kuti chimene chinagonja padzuwa chalimba m'madzi, ndipo chimene chinalimba padzuwa chagonja m'madzi. Phunziro limeneli lalowa m'kabuku monga lilili.

Sabata yachiwiri

Sabata imeneyi tinayesa zinthu zisanu ndi chimodzi: mchere, shuga, soda wothira mu thelere, mchenga, mafuta ophikira ndi ufa woyera. Ndisanayambe ndinaika lamulo lakuti palibe kulawa chilichonse pokhapokha mphunzitsi atanena, ndipo zololedwa kulawa ndi madzi a shuga ndi a mchere okha, okonzedwa ndi madzi owiritsa m'makapu otsukidwa bwino, mwana aliyense ndi supuni yake. Lamuloli ndalilemba patsamba loyamba la kabuku, chifukwa mwana amene waphunzira kuti kulawa kumaulula chobisika m'madzi angathe kukayesa zimenezi kunyumba pa feteleza kapena mankhwala a m'munda, amenenso amasungunuka m'madzi.

Pa mchere, shuga ndi soda panalibe mtsutso, ndipo mchenga unamira pamene mafuta anayandama monga ana ankayembekezera. Mtsutso unabuka pa ufa. Utangotakasidwa, madzi onse anayera mbee, ndipo pafupifupi gulu lonse linati ufa wasungunuka, popeza sunkaonekanso ngati ufa. Ineyo ndinalakwitsa poyesa kuwatsutsa ndi mawu, ndipo ndinaona nkhope zawo zikuvomera mongondilemekeza osati chifukwa chomvetsa. Ndinasiya kufotokoza, ndinaika makapu onse pawindo, ndipo tinapita kukasewera panja. Titabwerera tinapeza ufa wakhazikika pansi, madzi apamwamba ayamba kuoneka bwino, pamene m'kapu ya mchere munalibe kanthu pansi. Mnyamata wina anati, "Aphunzitsi, ndi ngati thobwa, amayi amati tiziligwedeza tisanamwe." Chitsanzo chimenechi n'chabwino kuposa chimene ndinakonza ine, ndipo ndachitenga.

Kuchokera pamenepa tapeza zizindikiro zitatu zimene mwana angadziyesere yekha. Chinthu chimene chasungunukadi m'madzi chimasiya madziwo akuonekera mkati, sichikhazikika pansi ngakhale madziwo atagona usiku wonse, ndipo sichitsalira pa nsalu madziwo akasefedwa. Panafunika kuwonjezera chenjezo limodzi, lakuti kuonekera mkati sikutanthauza kusowa mtundu, chifukwa tiyi wopanda mkaka ndi wofiirira koma supuni imaoneka mkati mwake, ndipo mtunduwo wachokera ku zinthu za m'masamba a tiyi zimene zasungunuka m'madzi otentha.

Sabata yachitatu

Iyi ndiyo sabata imene ndinkaidalira kwambiri, chifukwa ntchito yonseyi yagona pa mfundo imodzi, yakuti chinthu chosungunuka m'madzi chimakhala chilimobe ngakhale maso sakuchiona. Ndinakonza umboni wa mitundu iwiri.

Woyamba unali wa sikelo. Tinaika pa sikelo kapu ya madzi pamodzi ndi kapepala kokhala ndi magalamu 20 a shuga, ndipo mwana mmodzi analemba nambalayo pabolodi. Tinathira shugayo m'madzi, tinatakasa mpaka anasiya kuoneka, tinabwezeretsa kapu ndi kapepala kaja pa sikelo, ndipo nambala inali yomweyo. Ana aakulupo anamvetsa msanga kuti shuga akanakhala kuti watha sikelo ikanatsika. Ana a zaka 6 ndi 7 sanakhudzidwe nazo kwenikweni, ndipo ndaona kuti manambala a pa sikelo sanayambe kuyankhula kwa iwo. M'kabuku ndalemba kuti umboni umenewu ndi wa ana a Sitandade 3 kupita m'tsogolo.

Wachiwiri unali wobweza mchere, ndipo poyamba unakanika chifukwa cha kukonza kwanga. Ndinasiya theka la kapu ya madzi amchere padzuwa Lachitatu, poganiza kuti pofika Lachisanu adzakhala ataphwa, koma tinapeza madzi atangotsikako pang'ono ndipo fumbi litagweramo. Kapu ndi yakuya ndipo kukamwa kwake n'kochepa, choncho nthunzi imachoka pang'onopang'ono. Tinabwereza pothira masupuni awiri okha a madzi amchere wambiri pa mbale yakuda yophwathalala, n'kuiika pamalo a dzuwa obisika ku mphepo. Titakumananso mbaleyo inali itauma ndipo pamwamba pake panali timibulu toyera. Tinatijambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho, ndipo ana anaona kuti timibulu tambiri tinali ndi ngodya zinayi zofanana ngati timabokosi, umene ndiwo maonekedwe a mchere nthawi zonse ukauma mosasokonezedwa. Mwana wina amene ankati mchere watha ndiye ndinamupempha kulawa kambulu kamodzi, ndipo anauza anzake yekha kuti ndi mchere womwe uja.

Apa ndinapeza mpata wolankhula za nyanja zathu. Mitsinje ikamayenda imasungunula mchere wochepa kwambiri wa m'miyala ndi m'dothi n'kupita nawo kunyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira, mtsinje wa Shire, umene umatenga madzi pamodzi ndi zosungunukamo. Nyanja ya Chilwa imalandira madzi a mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi amachoka ngati nthunzi n'kusiya mchere, monga zinachitikira pa mbale yathu. N'chifukwa chake madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono, ndipo mcherewo umamveka kwambiri nyanjayo ikamaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Madzi a nyanja zikuluzikulu za mchere, monga ya ku Beira, ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi.

Sabata yachinayi

Funso lovuta linafika: ngati mchere ulimo, n'chifukwa chiyani sitikuuona? Kwa ana ndinafotokoza kuti kambulu kamodzi ka mchere kanapangidwa ndi tinthu tambirimbiri tating'ono kwambiri togwirana, kuti madzi nawonso ndi tinthu tating'ono timene timayendayenda osapuma, ndipo kuti tinthu ta madzi timakoka tinthu ta mchere kamodzikamodzi kuchokera m'mphepete, n'kutizungulira, n'kupita nato mbali zonse za kapu. Tikabalalika choncho timachepa kwambiri moti diso silingatione, koma lilime limatimva. Tinatsimikiza zimenezi polawa madzi apamwamba ndi apansi a kapu yotakasidwa bwino, ndipo onse anali amchere mofanana.

Mawu okha sakanakwanira, choncho tinapanga sewero pabwalo. Ana asanu ndi anayi anavala zipewa za mapepala n'kuima mothithikana m'mizere itatu atagwirana manja, ndipo amenewa anali kambulu ka mchere. Otsalawo anali madzi, akuyendayenda mozungulira. Lamulo linali lakuti ana awiri a madzi agwire mwana mmodzi wa mchere, mmodzi dzanja ili wina dzanja ilo, n'kuyenda naye kulikonse m'bwalomo osamusiya. Ulendo woyamba ana a mchere amene anakokedwa ankapita kukakhala pansi pa mtengo, poganiza kuti atuluka m'masewera monga zimakhalira pa fulaye, ndipo ndinaona kuti seweroli likuphunzitsa chinthu chomwe ndikulimbana nacho. Ndinasintha lamulo kuti aliyense akhalebe m'bwalo atavala chipewa chake, ndipo pamapeto tinawerenga zipewa n'kupeza kuti zikadali zisanu ndi zinayi.

Seweroli linatipatsa zambiri kuposa zimene ndinalikonzera. Ana anaona okha kuti mwana wapakati sangakokedwe mpaka anzake a m'mphepete atachoka, ndipo mfundo imeneyi inatithandiza kwambiri sabata yotsatira.

Patsamba la aphunzitsi ndalemba mozamirapo, kuti mphunzitsi adziwe zoposa zimene akunena. Molekyu ya madzi, kamene ndi kanthu kamodzi mwa tinthu tating'ono ta madzi tija, ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidirojeni, ndipo mbali ya okosijeni ili ndi mphamvu ya magetsi ya negativu pang'ono pamene mbali ya haidirojeni ili ndi ya pozitivu pang'ono. Mchere wathu wa ndiwo unapangidwa ndi sodiyamu wa pozitivu ndi kolorayidi wa negativu, choncho madzi ali ndi pogwira pa zonse ziwiri ndipo amazilekanitsa. Shuga sagawika choncho, koma mamolekyu ake amasiyana lililonse lathunthu, madzi atalizungulira. Mafuta alibe mbali zoterezi zoti madzi agwirepo, motero mamolekyu a madzi amangogwirana okhaokha n'kusiya mafuta padera, ndipo mafutawo amakwera pamwamba chifukwa ndi opepuka kuposa madzi. Sopo amathandiza potsuka mbale za mafuta chifukwa molekyu yake ili ndi mbali ina yogwira madzi ndi ina yogwira mafuta.

Sabata yachisanu

Tinayesa zinthu zitatu zimene zimafulumizitsa kusungunuka: kutakasa, kutentha kwa madzi ndi kukula kwa mibulu. Popeza tinalibe wotchi, ana ankawomba m'manja mwa kayendedwe kamodzi n'kumawerenga mpaka chinthucho chitasiya kuoneka. Chovuta chinali kuwazoloweza kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi, chifukwa gulu lililonse linkafuna kupambana ndipo linkatakasa mwamphamvu ngakhale pamene tikuyesa kutentha kokha. Ndinathetsa vutoli popatsa mwana mmodzi ntchito yotakasa makapu onse awiri nthawi imodzi, supuni ina kudzanja lamanja ina kumanzere. Madzi ofunda ndinkawanyamula ndi kuwathira ndekha. Mchere wamibulu unachedwa kuposa womwewo titausinja mumtondo, ndipo ana anafotokoza okha chifukwa chake pokumbukira mwana wapakati wa m'sewero lija.

Kenako tinafunsa ngati madzi amakhuta. Tinayeza mamililita 100 a madzi n'kumathira mchere supuni yaing'ono imodziimodzi, kutakasa mpaka usungunuke tisanathire ina. Titafika cha pa supuni yachisanu ndi chimodzi mchere unayamba kutsalira pansi ngakhale tinatakasa nthawi yaitali, ndipo izi zikugwirizana ndi zodziwika, kuti mamililita 100 a madzi amalandira magalamu pafupifupi 36 a mchere. Shuga amalowa wambiri zedi, magalamu pafupifupi 200 m'madzi ochuluka chimodzimodzi, ndipo sindinafune kuwononga shuga wochuluka choncho pamaso pa ana amene ena mwa iwo amamwa tiyi wopanda shuga kunyumba. Tinangogwiritsa ntchito masupuni awiri aakulu a madzi, ndipo anawo anadabwabe kuona kuchuluka kwa shuga amene analowa mpaka madziwo kukhala ngati uchi.

Pali kusiyana kumene ndikufuna aphunzitsi akuone bwino, chifukwa ineyo ndinatsala pang'ono kukusokoneza polemba. Kutakasa ndi kusinja kumafulumizitsa kusungunuka koma sikuwonjezera kuchuluka kwa chimene madzi angalandire. Kutentha kumafulumizitsa, ndipo pa shuga kumawonjezeranso kwambiri kuchuluka kwa amene angalowe, koma pa mchere kumawonjezera pang'ono chabe, kuchoka pa magalamu 36 kufika pafupifupi 39 m'madzi owira. Chiganizo chakuti madzi otentha amasungunula zinthu zambiri ndachichotsa m'kabuku chifukwa n'choona pa zinthu zina zokha.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ndinapempha agogo a mmodzi wa anawa kuti abwere adzationetse kakonzedwe ka chidulo, ndipo anavomera mokondwa. Anabweretsa phulusa la zitsononkho, analiika m'chitini choboola pansi chimene anayalamo udzu, anathira madzi pang'onopang'ono, ndipo madzi ofiirira anayamba kudontha m'mbale. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, kodi chimene chimafewetsa ndiwo n'chiyani, popeza phulusa latsala m'chitinimu?" Iwo anayankha kuti mphamvu ya phulusa yapita ndi madzi. Yankho limeneli ndi sayansi yeniyeni, chifukwa m'phulusa muli mchere wina wotchedwa potashi umene umasungunuka m'madzi n'kudutsa pa udzu, pamene mbali yaikulu ya phulusalo sisungunuka ndipo imatsalira. Tinaumitsa chidulo pang'ono pa mbale yakuda ija ndipo panatsala zoyera. Ana sanaloledwe kulawa chifukwa chidulo chosaphika chimawotcha m'kamwa. Kwa ine phunziro limeneli ndilo lofunika kwambiri m'kabuku konse, chifukwa mwana akuona kuti kusungunula, kusefa ndi kulekanitsa zinthu ndi nzeru imene ili kale pakhomo pawo.

Lachisanu tinakamba za thanzi. Ndinabweretsa paketi ya Thanzi ORS, tinawerenga malangizo ake, ndipo tinasungunula paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Ana anatha kufotokoza okha kuti madzi akachepa mankhwalawo amakhala amchere kwambiri, ndipo akachuluka amasukuluka, choncho muyeso wa lita imodzi uyenera kutsatidwa ndendende. Kenako ndinaika makapu atatu ooneka mofanana, ina ya madzi okha, ina ya mchere, ina ya shuga, ndipo palibe amene anatha kuwasiyanitsa ndi maso. Ndinawauza kuti majeremusi sasungunuka m'madzi monga mchere, koma nawonso ndi aang'ono moti saoneka, ndipo kusefa ndi nsalu sikuwachotsa onse. Makolo a anawa akukumbukira bwino mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, ndipo ndikufuna mwana aliyense adziwe kuti madzi ooneka bwino amafunikabe kuwiritsa kapena kuthira kolorini.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Sabata ino ndayesa phunziro lowonjezera la mpweya wosungunuka m'madzi, lomwe silinali m'ndondomeko yoyamba koma linabwera chifukwa mwana wina anafunsa kuti nsomba zimapuma chiyani. Tinatsekula mabotolo awiri a chakumwa cha gasi, lina lozizira lina lokhalitsa padzuwa, ndipo lofunda linatulutsa thovu lambiri, chifukwa madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda, mosiyana ndi mmene zilili pa shuga. Ndinawauza kuti chambo ndi usipa zimapuma okosijeni wosungunuka m'madzi, ndiponso kuti nyanja ya Malawi, imene pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ili ndi okosijeni m'madzi apamwamba okha, mamita 200 kapena kuposerapo pang'ono, motero nsomba sizikhala pansi penipeni. Ana aang'ono kwambiri anatopa phunziroli lisanathe, ndipo ndaganiza kuliika kumapeto kwa kabuku ngati la ana aakulupo.

Lachisanu ndinabwereza funso la tsiku loyamba, kwa mwana mmodzimmodzi kuti asatengerane mayankho. Ambiri tsopano akuti shuga alimo koma wabalalika, ndipo angapo anawonjezera kuti tingamubweze poumitsa madziwo. Ana atatu a zaka 6 anenabe kuti wasanduka madzi, ndipo onse atatu anajomba tsiku la majarini ndi mchere padzuwa, choncho ndibwereza phunziro limenelo ndi iwo sabata yamawa.

Maphunziro anayi oyambirira ndamaliza kuwalemba, ndipo lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi adakali m'kope. Zojambula sizinayambike, ndipo chimene chikundivuta ndi cha tinthu tating'ono ta mchere, chifukwa ndikatijambula ngati timadontho tooneka ana adzayembekezera kutiona m'kapu. Ndikuganiza zojambula ana ovala zipewa a m'sewero lija m'malo mwake, kapu yeniyeni ya madzi oonekera mkati ili pambali pawo. Ndapempha aphunzitsi awiri a sukulu yoyandikana nafe kuti ayese maphunziro anayiwo pa ana awo ine kulibe, kuti ndidziwe ngati malangizowo akumveka kwa munthu amene sanakhale nafe, ndipo zimene apeze ndizilemba pano ndisanapite nako kabukuka ku TDC, likulu lothandiza aphunzitsi a m'dera lathu pa ntchito yawo.